Buku Limene Madamu Anafufuta

Pepala la kafukufuku linabwerako lili psuu ndi inki yofiira.

"Mabuku mwagwiritsa ntchitowa ndi akale kuposa ine, mayi," anatero mphunzitsi wowayang'anira. "Atsopano ali mu laibulale ya pa kompyuta. Mukapanda kuwawerenga, chaka chino simumaliza."

Mayiwa, amene anzawo ankawatchula kuti Madamu chifukwa anaphunzitsa nthawi yaitali ku pulayimale asanalowe yunivesite, anangogwedeza mutu. Iwo ndi kompyuta anali pa udani, ndipo chifukwa chake ankachidziwa okha.

M'chaka choyamba analowako m'chipinda cha makompyuta cha ku laibulale, natsegula buku lina pa kompyuta. Kenako anadina kamtanda ka pakona. Buku lonse zii, kuzimiririka! Mtima unangoti phwii. Kusukulu kwawo, mwana akataya buku, iwo omwewo ndi amene ankamutuma kukaitana kholo. Lero afufuta buku la yunivesite yonse! Anatuluka monyang'ama, ndipo kuyambira tsikulo ankalambalala laibulale ngati nyumba ya galu wolusa.

Koma kubwereza chaka, ana awo akudikira tsiku lowaona atavala gauni? Ayi, kunali bwino kukalangidwa.

M'mawa mwake anakaima patsogolo pa bambo woyang'anira laibulale, manja ali kumbuyo.

"Bambo, ndabwera kudzadzipereka. Ndinafufuta buku lanu."

Bamboyo anafunsa dzina la bukulo, nalilemba pa kompyuta. Ilo! Linali pompo, ngakhale tsamba limodzi losasowa.

"Tadinaninso pakamtandapo, mayi."

"Iii, inetu ayi!"

"Dinani, mlandu ukhala wanga."

Anadina atatsinzina. Bamboyo analitsegulanso. Madamu anadinanso, n'kulitsegula okha.

"Mumangotseka chitseko, mayi. Buku limatsala m'nyumba."

Madamu anaseka mpaka misozi, anthu onse owerenga n'kucheuka. Abale, munthu wamkulu kuthawa bambo wosalakwa zaka zonsezi, ngakhale moni wake kumuopa! Tsiku limenelo anapuma mpweya wofika m'mimba.

Musaganize kuti zinaphweka pomwepo. Ankalemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha. Pasiwedi ankaiiwala mpaka bambo uja ankangowaona n'kuyamba kumwetulira. Nthawi zina ankafufuza mawu n'kutulukira zinthu zosadziwika mutu wake. Koma m'mawa uliwonse ankapezeka pampando wa pafupi ndi zenera, akudina.

Atabweretsanso pepala lija, mphunzitsi anawerenga mwakachetechete, cholembera chofiira chili chotseka.

"Buku ili ngakhale ine sindinaliwerenge. Mwalipeza kuti?"

"Ndi limene ndinafufuta lija," anayankha Madamu. Mphunzitsiyo sanamve tanthauzo lake, koma anasaina.

Inu amene mumalambalala chipinda cha makompyuta, mwina mlandu mukuuthawawo kulibe n'komwe. Lowani, funsani, dinani ngakhale muli ndi mantha. Musataye mtima, buku lanu likadali pompo.