Dzina la Mmbulu la Agogo a ku Hull

Chaka changa choyamba ku Hull, titasamukirako kuchokera mumzinda wina wa ku England, ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndinkadzuka m'mawa, kuvala yunifomu, pamwamba pake majekete awiri, n'kukwera basi kuyenda khomo ndi khomo. Uyu kumusambitsa, uyo kumupatsa mankhwala, winayo kumupangira tiyi ndi kumumvetsera akudandaula za mawondo. Mwa onse amene ndinawasamalira, amene sachoka m'mutu mwanga ndi agogo ena aamuna ochokera ku Serbia. Ankakhala okha m'kanyumba ka njerwa zofiira chakufupi ndi doko.

Tsiku loyamba anandilandira ndi mwana wawo wamkazi, mayi wachikulire ndithu amene ankakhala ku Salford n'kumabwera kumapeto kwa sabata. Anandionetsa pokhala mankhwala ndi kayatsidwe ka shawa, kenako anandiuza dzina loti ndiziwaitanira bambo awo. Linali dzina la Chingerezi wamba, loti pamsewu uliwonse ulipeza.

Agogowo anali aatali, a mapewa otambalala, ndevu za pamlomo zoyera mbee. Sitiroko inawafooketsa dzanja ndi mwendo wakumanja, koma pakamwa panali pabwinobwino. Ndikawaitana ndi dzina lija ankayankha, koma mochedwa, ngati akudikira kaye kuti mwina mwini dzinalo ali kuchipinda ayankhe yekha. Masabata oyamba sitinkacheza kwenikweni. Ine ndinali wamantha ndi Chingerezi cha ku Hull, iwo anali amanyazi kusambitsidwa ndi mkazi wa msinkhu wa mdzukulu wawo.

Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chakale cha mwamuna wa ndevu zazitali zogwera m'mbali, atavala kachipewa kofiira. Tsiku lina ndikuchipukuta fumbi ndinafunsa, "Agogo, awa ndi abambo anu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Akanakhala abambo anga si bwenzi nditakalambira padoko ndikusenza matabwa. Amenewo ndi adzina."

"Adzina? Koma nkhope iyi si ya Mngelezi."

"Nanga ine ndine Mngelezi?"

Apo m'pamene anandiuza dzina lawo lenileni. Linali lalifupi, zilembo zitatu basi. Nditalimva ndinayang'ana pansi. Ndinali nditakwera kale mabasi a ku Hull mokwanira, ndipo ndinazindikira kuti m'kalankhulidwe ka anthu a kumeneko dzinalo limangosiyana pang'ono ndi mawu aja otukwana amene anyamata amaponyerana kumbuyo kwa basi.

"Waona," anatero. "Nawenso wamva zomwe anamva anzanga a padoko."

Anandifotokozera kuti anafika ku Hull ali mnyamata, akugwira ntchito m'sitima ya pamadzi yonyamula matabwa. Anakumana ndi mtsikana wa mumzindamo ku dansi, sitima inabwerera, iwo anatsala. Atapeza ntchito padoko, kapitawo anawafunsa dzina. Atalitchula, gulu lonse linafa nacho chiseko. Kapitawoyo anati sangamakuwe mawu otero pagulu, ndiye anangowapatsa pomwepo dzina lina, la mlamu wake. Linawamatirira moyo wonse. Dzina lenileni linatsala m'nyumba, pakamwa pa akazi awo okha, ndipo chimwalirire mayiwo panalibenso wolitchula.

"Nanga limatanthauza chiyani?" ndinafunsa.

"Mmbulu."

Anati amayi awo anali ataika m'manda ana atatu iwo asanabadwe. Azimayi a m'mudzimo anati ndi mfiti zikudya anawo, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: mwana wotsatira amutche Mmbulu, chifukwa mfiti siyandikira mmbulu. Kwawoko dzinali ndi lakalekale, ndipo ambiri amene analilandira analilandira pa chifukwa chomwechi.

Ndinasiya kansalu kopukutira n'kukhala pansi, ngakhale kuti khomo lina linkandidikira. Ndinawauza zimene ndinali ndisanauzepo aliyense ku England. Inenso amayi anga anataya ana awiri ine ndisanabadwe. Azakhali anga, alongo awo a bambo, ananditcha dzina lonena za manda, kuti imfa ikamva iziti uyu ndi wanga kale, n'kupitirira. Nditapita ku sekondale atsikana ankandiseka nalo, ndiye ndinalisiya n'kutenga la ubatizo. La ubatizolo ndi lomwe lili papasipoti, ndi lomwe amandidziwa nalo kutchalitchi ndi kuntchito.

Agogo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Anthu a kwanu ndi ochenjera. Ife imfa timaiopseza, inu mumaipusitsa. Ndipo taona, tonse tili pano."

Anandipempha kuti ndiwatchulire dzinalo. Analibwereza kawiri, kachitatu analitchula bwinobwino, kuposa mmene ana anga obadwira kuno angalitchulire. Kuyambira tsiku limenelo tinapangana. Iwo ankandiitana ndi dzina limene anandipatsa azakhali, ine ndi limene anawapatsa amayi awo, ndikuyamba ndi "agogo" chifukwa pakamwa panga sipakanalola kutchula munthu wamkulu dzina lokhalokha. Poyamba ndinkalinong'ona, kuopa kuti a nyumba yoyandikana amva kudzera pakhoma n'kuganiza kuti wosamalira uja akutukwana nkhalamba.

Nditangowatsegula pakamwa choncho, sanatsekenso. Ndikuwameta ndevu kapena kuwamanga mabatani, ankandiphunzitsa za adzina awo. Wa pachithunzi uja ndiye anali wokondedwa. Nayenso, ankatero, anabadwa abale ake atatha kumwalira. Anali wolumala mwendo, koma anayenda m'midzi kulemba nyimbo, nthano ndi mawu a anthu wamba, abusa a ziweto ndi oyimba osaona. Ndiye anakonza kalembedwe ka chilankhulo chawo kuti liwu lililonse likhale ndi chilembo chake, mwana wa mlimi athe kuwerenga monga amalankhulira. Ophunzira a nthawi imeneyo anamuda, koma lero ana a sukulu amaloweza nkhope yake.

Panalinso wina wa makedzana, mfumu yankhondo imene nyimbo zakale zimati inathawa pankhondo n'kusiya apongozi ake. Agogo akafika pamenepa ankakwiya ngati akunenedwa ndi achimwene awo enieni. "Anamunamizira! Oyimba ankafuna munthu woti amuloze chala." Ndinkachita kuchotsa lezala kaye kuti ndingawacheke. Wina anali wandale wa masiku ano. Ameneyo ankangomukupiza ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Timusiye. Si mmbulu uliwonse ungauike pakhoma."

Tsiku lina ndinali ndi buku la nyimbo m'chikwama chifukwa ndikaweruka ndinkapita ku kwaya. Analiona n'kulipempha. Anavala magalasi, kutsegula pakati, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Munthu wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa ankawerenga momveka, mwina kupunthwa pa "ng'" ndi pa "j" pokha. Atamaliza ndime anatseka buku monyada.

"Chilankhulo cha anthu aulemu," anatero. "Chimene walemba ndi chimene ukunena. Osati cha akunochi, cholemba china kunena china." Mwamuna wanga nditamuuza madzulo ake anati ndikukokomeza.

Loweruka lina mwana wawo uja anafika msanga ine ndisanachoke. Anatsegula chitseko nthawi yomwe ndinkafuula kuchokera kukhitchini kufunsa agogo ngati akufuna shuga m'phala, ndipo ndinawaitana ndi dzina lija. Mayiwo anabwera kukhitchini jekete asanavule.

"Wakuuzani ndani dzina limenelo?"

"Eni ake," ndinayankha, ndikuganiza kuti ntchito yatha.

Anatsamira sinki. Kenako anandiuza kuti ali kupulayimale, mwana wina anamva amayi awo akuitana agogowa ndi dzinalo pageti la sukulu. Mawa lake kalasi yonse inkaliyimba. Ankawatsatira mpaka kunyumba akuliyimba. Anachita kuwapempha bambo awo kuti asadzabwerenso kudzawatenga kusukulu, ndipo bambowo anamvera, osafunsa chifukwa.

"Sindikukwiyirani," anatero akupukuta m'maso. "Ngati iwo akufuna, aitaneni. Koma ine ndikalimva ndimamva ana aja."

Nkhani inakula pamene mdzukulu wa agogo, mwana wa mayiwa, anakhala ndi pakati. Iye ndi mwamuna wake anakana kuuzidwa kuchipatala ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Agogo analibe chikaiko. Ndi mwamuna, ndipo dzina lilipo kale. Mwana wawo anakanitsitsa kuti mdzukulu wake sangakalowe sukulu ya ku England ndi dzina limenelo. Ankakangana pafoni, ankakangana Loweruka lililonse, ndipo Lolemba agogo ankandisungira nkhani yonse.

"Iwe uwauze," anandiuza tsiku lina. "Iwe ukudziwa ntchito ya dzina."

"Agogo, ine ndinabwera kudzakusamalirani. Milandu ya pabanja ili ndi eni ake."

Ananyanyala phala tsiku limenelo. Zoona zake n'zakuti ndinalibe mbali. Ndinkawamvera chisoni agogo, amene dzina lawo linkaoneka kuti lithera pa iwo m'dziko la eni. Koma ana anga omwe ndinawapatsa maina osavuta pakamwa pa aphunzitsi a kuno, ndipo ndinachita zimenezo ndikudziwa. Ndikanawaweruza bwanji mayi aja? Mdzukuluyo yekha ndiye sankavutika nazo. Akabwera ankawapsompsona agogo pamphumi n'kunena kuti, "Tiona akabadwa," basi.

Foni inalira m'mawa wina ndikuwavalika masokosi. Ndinawagwirira kukhutu. Ndinamva mawu a mwana wawo akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mwana wabadwa, ali bwino, mayi ake ali bwino. Ndi wamkazi.

Ndinayang'ana nkhope ya agogo. Ndinaopa kuti akhumudwa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, n'kuphulika chiseko mpaka misozi. Atapuma anati pafonipo, "Mwana wanga, ukudziwa kuti liliponso lachikazi lake?"

"Ayi, adadi!" Mawuwo anamveka chipinda chonse.

Kenako mayiwo anatsitsa mawu n'kunena zina zimene sindinamve. Chiseko cha agogo chinatha. Anandipatsa chizindikiro kuti ndichotse foni, n'kuyang'ana pawindo.

"Amutcha dzina la mkazi wanga," anatero. Analitchula pang'onopang'ono, kawiri. Anandituma kukabati kukatenga kabotolo ka kachasu wa kwawo, wopangidwa ndi zipatso. Ndinawakumbutsa za mankhwala. Anati sakufuna kumwa, akufuna kungonyowetsa milomo monga amachitira kwawo mwana akabadwa. Ndinawathirira kadontho m'kapu. Ine sindimwa, ndiye ndinakweza kapu yanga ya tiyi, tinagundanitsa. Za dzina la mmbulu pa mwanayo sanazitchulenso.

Nyengo yozizira itafika anayamba kufooka, ndipo mwana wawo anawatenga kukakhala nawo ku Salford. Inenso posakhalitsa ndinapeza ntchito kuchipatala. Tinkatumizirana moni ndi mayi aja pafoni, iwo n'kumanditumizira zithunzi za khanda lili pamiyendo ya agogo.

Chaka chotsatira ndinapita kukawaona. Ndinakwera sitima mpaka ku Manchester, kenako tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni. Mayiwo anandichenjeza pakhomo kuti mutu wa bambo awo wasintha. Chingerezi chonse chimene anachilankhula zaka zonse zija chinali chitawathawa, chatsala chilankhulo cha kwawo chokha, chimene mwana wawoyo ankangotolapo mawu apo ndi apo.

Ndinawapeza pampando pafupi ndi windo, bulangete pamiyendo, ataonda kwambiri. Sindikudziwa ngati anandizindikira. Anandigwira dzanja n'kuyamba kulankhula Chisebiya, nkhani yaitali, akuloza kunja, akugwedeza mutu. Atafika poima anandiyang'ana kudikira yankho. Ndinaona kuti Chingerezi sichithandiza, ndiye ndinangoyankha m'Chichewa. Ndinawauza za ana anga ndi sukulu yawo, za mvula imene inachedwa kumudzi chaka chimenecho. Anamvetsera mwachidwi, n'kuyankha, penapake akutsutsa ndi chala, penapake akuseka. Tinacheza choncho masana onse, kamwana kaja kakukwawa pakati pathu n'kumakoka zingwe za nsapato zanga.

Mayiwo anaima pakhomo ndi mbale m'manja n'kufunsa kuti tikukambirana chiyani.

"Za iwo sindikudziwa," ndinatero. "Ine ndikuwauza za mbuzi za achimwene anga zimene zinalowa m'munda wa eni."

Anaseka, n'kukhala nafe pansi.

Agogo anamwalira miyezi ingapo pambuyo pake. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zambia kuti ndikakhale nawo pamaliro. M'tchalitchi cha kwawo mapemphero ambiri amachita ataimirira, ndipo ine ndinali nditavala nsapato zatsopano. Titachoka kumanda anatigawira tirigu wowiritsa wothira shuga ndi mtedza, aliyense kasupuni kake. Amayi ena achikulire a ku Serbia, amene sindinkawadziwa, ataona kuti ndikutsimphina, anandikokera pampando wawo, kundivula nsapato ndi manja awo, n'kutuma mwana wawo kugalimoto kukanditengera masilipasi.