Tsiku Limene Bambo Anga Anafuna Kukalonjera Wapolisi

Bambo anga anayendetsa lole zaka zambiri pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo pa nkhani ya apolisi apamsewu sauzidwa kanthu ndi munthu. Iwo amati wapolisi ndi munthu ngati wina aliyense, chomwe amafuna ndi ulemu basi. Akakuimitsa uzimitse injini, utsike msanga, uvule chipewa, upite kumene ali mapepala ali m'manja, um'funse mmene wadzukira. Kungokhala tambalale m'galimoto, wapolisi n'kumachita kukulondola padzuwa, kwa iwo ndi mwano wosaneneka. Mwambo umenewu unawasunga moyo wawo wonse wa pamsewu, ndipo ine sindiunyoza.

Anabwera kudzacheza kwa ine ku South Bend, kuno ku America, nyengo yotentha, patapita chaka mayi atatisiya. Ine ndine namwino, ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi m'kanyumba kathu kosatalikirana ndi chipatala. Bambo anazolowera msanga. M'mawa ankathirira maluwa omwe sanapemphe madzi, masana n'kumatsutsana ndi nkhani za pa TV. Chimodzi chokha chimene sankadziwa m'nyumbamo n'chakuti mwana wawo woyamba ali ndi mfuti.

Ndinaigula munthu wina atanditsatira pagalimoto kuchokera kuntchito mpaka pakhomo panga, masanasana, n'kuima panja nthawi yaitali akungoyang'ana nyumba. Sanachite kanthu, koma ine ndinati sindidikira tsiku loti achite. Lamulo la kuno ku Indiana limalola munthu ngati ine kuyenda ndi mfuti yaing'ono yobisa m'zovala. Komabe ndinapita kukaphunzira, chifukwa chinthu chopha munthu sungamachigwire ngati mpeni wosendera mbatata. Ankatiphunzitsa ndi mayi wina wopuma pantchito yausilikali, ndipo kuwombera kunali kochepa poyerekeza ndi zina zimene anatikhomereza m'mutu: pomwe mfuti iyenera kugona, pomwe siiloledwa kulowa, ndi zochita wapolisi akakuimitsa uli nayo. Kuntchito sindipita nayo, imatsala m'kabokosi kachitsulo kokiya. Koma paulendo wautali imakhala m'chiuno, mbali yakumanja, m'kathumba kake kachikopa, bulauzi itaphimba.

Bambo sindinawauze. Kwathu mfuti ndi ya msilikali, ya wapolisi, kapena ya mbava, ndipo ine sindili m'gulu lililonse mwa atatuwa. Ndinaona kuti nkhalamba yabwera kudzapuma, ndiisiye ipume.

Loweruka lina m'mawa tinanyamuka awiriwiri kupita ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, kwa mlongo wanga wamng'ono amene mkazi wake anali atangobereka kumene. Mwana wanga anatsala kwa mnzake. Bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi chipewa, kunja kukutentha choncho, ati mdzukulu sangawaone koyamba ali ngati munthu wopita kudimba. Jeketeyo anaisita okha, ndipo ndi imene inatichedwetsa.

Msewu wochokera ku South Bend kupita ku Indianapolis ndi wowongoka, uku chimanga uku chimanga. Bambo ankangopukusa mutu nditawauza kuti chambiri mwa chimanga chimenecho sichidyedwa ndi anthu. Anayamba kundiwerengera midzi yakwathu imene ikanakhuta ndi munda umodzi wokha, ine n'kumaseka, phazi likulemera pang'onopang'ono pa mafuta. Titadutsa tauni ya Kokomo ndinangoona pagalasi magetsi ofiira ndi abuluu akuphethira kumbuyo kwanga. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinayang'ana liwiro, ndipo panalibe chokana, ndinkathamangadi.

Mtima sunagunde kwambiri, chifukwa ndinkadziwa zochita. Ndinayatsa indiketa, ndinapatukira kumbali kwa msewu, ndinazimitsa injini, ndinatsitsa magalasi onse kuti wapolisi aone m'kati bwinobwino. Laisensi ndi mapepala a galimoto ndimazipana pa kotchingira dzuwa pamwamba pa chiwongolero, dala, kuti dzanja langa lisakhale ndi chifukwa chotsikira kuchiuno. Kenako ndinaika manja onse awiri pamwamba pa chiwongolero, zala zili tambasu. Zonsezi ndinaziyeserera kambirimbiri pabwalo la kunyumba. Chimene sindinayeserere ndi kukhala ndi dalaivala wakale wa lole pampando wapambali.

Ndinangomva lamba kuti khethe. Potembenuza maso, bambo avula kale chipewa, chitseko chatseguka, mwendo umodzi uli panja, ndipo dzanja lawo lamanja lalowa m'thumba la m'kati mwa jekete kukatenga pasipoti. Pamisewu ikuluikulu ya kuno apolisi amakonda kudzera mbali ya wokwera, kuthawa magalimoto othamanga. Ndiye wapolisi uja, mnyamata wamtali wachizungu, anali akubwera mbali ya bambo yomweyo. Chimene iye anaona ndi munthu wakuda akutuluka m'galimoto mosauzidwa, dzanja lili m'jekete.

Anakuwa m'Chingerezi kuti munthuyo abwerere m'galimoto ndipo aonetse manja. Pagalasi ndinamuona atabwerera m'mbuyo, dzanja lake lili pa mfuti yake.

Apa m'pamene mantha anandigwira, mantha enieni. Thupi lonse linkafuna kudumpha n'kuwakoka bambo pa jekete. Koma ndikanachotsa manja pa chiwongolero n'kutembenukira kumanja mwaliwiro, bulauzi ikanakwera, mfuti yanga n'kuonekera, ndipo wapolisi akanaona anthu awiri akuyenda nthawi imodzi, wina dzanja m'thumba, wina mfuti m'chiuno. Zikanathera pomwepo. Chomwe ndinatsala nacho ndi pakamwa pokha, ndipo chibadwire ndinali ndisanakwezepo mawu kwa bambo anga.

"Adadi! Imani pomwepo!"

Anatembenuka modabwa. "Iwe, ndikungofuna ndikawalonjere abwanawa."

"Musatsike! Bwezani mwendo m'kati. Tulutsani dzanja m'jekete lopanda kanthu, pang'onopang'ono. Pasipoti isiyeni momwemo."

"Mwanawe, ine apolisi ndakhala nawo..."

"Adadi, akuwomberani! Manja onse pa dashibodi, panopa!"

Mawu amenewo ndi amene ndimagwiritsa ntchito m'wodi wodwala akafuna kudzizula diripi, ndipo sakanika. Bambo anabweza mwendo. Dzanja linatuluka m'jekete lopanda kanthu, ndipo manja onse awiri anakafika pa dashibodi. Chipewa chinagwera pansi, palibe anachitola.

Ndinakweza mawu m'Chingerezi, maso ali kutsogolo, kumuuza wapolisi kuti awa ndi bambo anga, ndi achikulire, ndi mlendo wochokera ku Malawi, ndipo kwathu munthu amatsika kukapereka moni kwa wapolisi posonyeza ulemu. Wapolisi anayandikira mwapang'onopang'ono, anakankha chitseko ndi bondo mpaka chinatsekeka, n'kuwerama kutiyang'ana. Nkhope yake inali itafiira. Nayenso anali ndi mantha, ndinaona, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Tsopano panatsala nkhani yanga. Lamulo la kuno silindikakamiza kuyamba ndine kunena za mfuti, koma mayi wotiphunzitsa uja ankati ndi bwino wapolisi aimve ndi makutu kusiyana ndi kuiona mwadzidzidzi ndi maso. Pambuyo pa zomwe zinali zitangochitikazo, ndinalibe maganizo oyesa mwayi kachiwiri. Vuto linali lakuti bambo Chingerezi amachimva bwino lomwe.

Ndinalankhula modekha, liwu lililonse palokha. Ndinamuuza kuti ndisanasunthe dzanja ndikufuna adziwe kuti ndili ndi mfuti yovomerezeka, ili m'chiuno mbali yakumanja, ili ndi zipolopolo, ndipo manja anga akhala pa chiwongolero mpaka iye atandiuza zochita.

Wapolisi anagwedeza mutu. Anati ndachita bwino kunena, ndiisiye pomwe ili. Anafunsa pomwe pali laisensi, ndinamuuza kuti pamwamba pa mutu wanga, n'kupempha ngati ndingatenge. Atalola ndinakweza dzanja lamanzere, lakutali ndi chiuno, ndinatenga mapepala n'kupereka, dzanja n'kubwerera pamalo pake. Iye anapita kugalimoto yake.

 Kunja malole ankadutsa, galimoto yathu n'kumagwedezeka. Manja a bambo anali akadali pa dashibodi, manja aakulu aja amene ndili mwana ndinkaganiza kuti angathe kunyamula lole.

"Wawauza kuti chiyani abwanawa?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Kuti ndili ndi mfuti."

"Ya ndani?"

"Yanga."

"Ili kuti?"

"M'chiuno muno. Musayang'ane, Adadi, ingoyang'anani kutsogolo."

Wapolisi anabwera ndi pepala la chenjezo, n'kundiuza kuti ndichepetse liwiro. Kenako anawerama kwa bambo, mawu atafewa, n'kuwauza kuti ulendo wina adzangokhala m'galimoto, iye ndi amene adzabwere kwa iwo. Anawonjezera kuti wamva zoti ankafuna kumulemekeza, ndipo wathokoza. Bambo anayankha kuti zikomo bwana, manja osasuntha. Anawachotsa pa dashibodi titalowanso mumsewu.

Tinayenda mtunda wautali osalankhulana. Ine ndinawasiya, poti bambo anga ndimawadziwa, mkwiyo wawo umayamba waphika kaye. Nyumba zazitali za m'kati mwa Indianapolis zitayamba kuoneka patsogolo, m'pamene anatsegula pakamwa.

"Wandikalipira ngati mwana, pamaso pa mlendo."

"Eya, Adadi, ndakukalipirani. Zitachitikanso ndingakukalipireninso chimodzimodzi."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Kwa eni kulibe mkuwe," ndinatero. "Kuno wapolisi aliyense amabwera pagalimoto akuganiza kuti mwina muli mfuti, ndipo lero sanaphonye, inalimodi. Munthu akatsika dzanja lili m'jekete, iye saona ulemu, amaona imfa yake. Ndikanati ndikunyengerereni mwaulemu, bwenzi pano ndikuimba foni kumudzi kuti akumbe manda pambali pa amayi."

 Patapita kanthawi anafunsa kuti mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo akutani ndi chida m'chiuno. Ndinawafotokozera za munthu wonditsatira uja, za mdzukulu wawo amene anali m'nyumba tsikulo akulemba homuweki, za maphunziro, za kabokosi kokiya. Sindinapepese, chifukwa panalibe cholakwa.

"Nanga osandiuza bwanji nthawi imeneyo?"

"Mukanatani, Adadi, muli ku Lilongwe? Mukanangosiya kugona."

"Ndiye umatha kuwombera, iweyo?"

"Ndimatha. Koma chomwe ndimatha kwambiri ndi kusaigwira."

Anapumira m'mwamba n'kutola chipewa chawo, anachikuntha pabondo, n'kuvala.

Kwa mlongo wanga tinalandiridwa ndi phokoso la nthawi zonse. Bambo ananyamula khanda, anaseka, anapemphera pemphero lalitali mpaka mwana kugona. Mlongo wanga atafunsa kuti tayenda bwanji, ine ndinatsegula pakamwa, koma bambo ananditsogolera. Anati tayenda bwino, msewu ndi wabwino, chimanga n'chambiri. Munthu amene nkhani iliyonse ya pamsewu amaisimba mpaka anthu kugwira nthiti, iyi sanaitchule n'komwe. Nane ndinatseka pakamwa.

Tinabwerera Lamulungu masana, titatuluka m'tchalitchi. Ndinkayendetsa mwaulemu ngati ndanyamula mazira, bambo akuwodzera pambali. Tili pakati pa minda ija, kumbuyo kunamveka sairini. Ndinayang'ana pagalasi n'kuona kuti si za ife, galimoto ya polisi inali pa mzere wina, ikuthamangira kwina. Ndinangopatukirako pang'ono kuti idutse.

Nditatembenuka kuti ndiwauze bambo kuti asadandaule, ndinapeza adzuka kale. Anali atakhala tsonga, maso kutsogolo, manja onse awiri ali pa dashibodi, zala zili tambasu. Palibe anawauza. Galimoto ya polisi inadutsa n'kukazimiririka, iwo ali chomwecho.

Zomwe ndinachita tsiku lija ndinachita bwino, ndipo mpaka lero sindikayika. Bambo anga ali moyo, anabwerera kwawo ndi miyendo yawo. Koma kuwaona atakhala choncho, nkhalamba ya jekete yosita, ikudikira kuti mwana wake aiuze ngati yaloledwa kusuntha, kunandipweteka kuposa kukuwa kwa wapolisi kuja. Misozi inalengeza, ndipo ndinaisiya, poti manja anali pa chiwongolero.

"Adadi, apita," ndinatero. "Tsitsani manja."

"Watsimikiza, mayi?"

"Ndatsimikiza."

Anawatsitsa pang'onopang'ono n'kuwaika pamaondo.