Moni Amene Tidakonzera a Gogoda

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pothawa apongozi. Ndidali nditangolowa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mayani, nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, ndipo mkazi wanga Nambewe adali woyembekezera. Mayi ake sankalankhula nane maso ndi maso, poti mwambo sulola, koma ankadziwa pondipezera. Ndikakhala pakhonde ankauza nkhuku zawo kuti, "Inu nkhuku, amuna a anzathu ali ku Halale, akutumiza mabulangete." Nkhukuzo sizinkayankha, koma ine ndinkamva bwino lomwe. Ku Halale sindinkafunako ngakhale pang'ono. Ndinkafuna mwana wanga akamabadwa ndili pakhomo.

Ndiye nditamva kuti mzungu wina wa ku mishoni akufuna amuna okoka miyala kuchokera kuphiri, ndidathamangirako osasamba n'kumaso komwe. Mzunguyo sadali wansembe. Adali Mjeremani wodziwa kumanga chigayo choyendera madzi, bambo wamtali wa manja okhakhala, wolankhula chinenero chathu mothyokathyoka. Dzina lake lidatikanika tonse, choncho tidamutcha a Gogoda, chifukwa kulikonse kumene ali umamva kugogoda kwa nyundo. Adandiyang'ana m'manja, n'kundipatsa chingwe, ntchito ndi yomweyo.

Ndidaikonda ntchito imeneyi kuposa mmene ndinkayembekezera. Tidakumba ngalande yopatutsa madzi a mumtsinje, kuizungulitsa m'mbali mwa phiri mpaka pamwamba pa gudumu lalikulu la matabwa. Kumapeto kwa ngalandeyo kudali chitseko chotsekera madzi. Miyala yoperera idali iwiri, wapansi wokhazikika ndi wapamwamba wozungulira. A Gogoda adandiphunzitsa kuisalaza. Umapaka katondo wonyowa pa thabwa lowongoka, n'kulikhulitsa pamwalapo. Pamene pasanduka pofiira ndiye potukuka, ndipo umasema pokhapo ndi nyundo yosongoka mpaka thabwa lidetse ponseponse mofanana. Ukatero umasema timizere tochokera pakati kupita kumphepete, tomwe ufa umatulukira. Tizidutswa ta mwala tinkatilowa m'manja m'mawa wozizira wa kuno kwathu, koma tinkaimba. A Gogoda ankangobwereza mawu amodzi: "Pang'ono pang'ono. Mwala alibe changu."

Chimene chinkasowa chidali chitsulo chonyamula mwala wapamwamba, ndipo chidabwera m'bokosi kuchokera ku Jeremani, chitakulungidwa m'manyuzipepala a kwawoko. Ife tidatola mapepalawo kuti tizikulungira fodya, koma titaona zithunzi fodyayo tidamuiwala. Panali misewu yotakata yoti mudzi wathu wonse n'kukwanamo. Panali nyumba za mafakitale zofuka utsi, ndi banja litazungulira kabokosi kolankhula kamene lero timati wailesi. Ndipo pa chithunzi chilichonse panali anthu, namtindi wa anthu, onse atatambasula dzanja lamanja kutsogolo, nkhope zili mwee.

Kapitawo wathu, a Fabiano, adagwirapo ntchito ku Halale, kotero pa nkhani za azungu mawu awo sankatsutsidwa. Adayang'anitsitsa zithunzizo n'kunena kuti, "Anyamata, uwu ndi moni wa kwawo kwa a Gogoda. Munthu uyu amasowa kwawo, simumuona akamayang'ana kuphiri? Tsiku lotsegula chigayo timulonjere chikwawo, aone kuti tili ndi ulemu."

Tonse tidavomera ndi mtima umodzi. Tinkaphunzira kuseri kwa chulu a Gogoda akapita kukadya, ndipo amayi ankabweranso atanyamula ana kumbuyo. Zidali zoseketsa zedi. Ena ankakweza lamanzere, gogo wina dzanja lidakana kuwongoka n'kumaligwirizira ndi ndodo. Poti chithunzi sichilankhula, mawu ake sitinkawadziwa, ndiye tidagwirizana zongofuula kuti "Zikomo!" Nambewe ankaseka mpaka kugwira mimba yake.

Tsikulo lidafika. Amayi a midzi yonse yozungulira adandanda ndi madengu a mphale, akuuza mitondo yawo kuti ipumule. Chidatsala ndi chimodzi chokha, kukhazika mwala wapamwamba pachitsulo chija kuti ulendewere bwino osapendekera, ndipo wodziwa zimenezi adali a Gogoda okha. Atatulukira pa kanjira, nyundo ili paphewa, a Fabiano adatsokomola. Manja onse adakwera m'mwamba nthawi imodzi.

"Zikomo!"

A Gogoda adaima ngati aponda njoka. Nkhope yawo idayera ngati ufa umene tidali tisanagaye. Nyundo idagwa pansi. Adatiyang'ana mmodzimmodzi, ineyo nthawi yaitali, kenaka adafunsa kuti, "Ndani wabwera kuno? Ndani wakuphunzitsani?" Manja athu adali akadali m'mwamba ndipo sitinkadziwa ngati n'koyenera kuwatsitsa. A Gogoda adapita pangalande, adatseka chitseko cha madzi, n'kubwerera kunyumba kwawo osacheuka. Posakhalitsa wophika wawo adabwera kudzatiuza kuti akulongedza zipangizo m'bokosi, akuti ngati zafika mpaka kuno, iwo akupita.

Popanda iwo chigayo chija chidali mulu wa miyala chabe, ndipo ine njira yanga idali ya ku Halale basi. Amayi adayamba kusenzanso madengu awo. Ndidamva apongozi akuuza dengu lawo kuti, "Tiye iwe dengu, mtondo sunasamuke." Ndidakhala pamwala wapansi uja, manyazi ndi mantha zitandigwira pamodzi.

Koma apongozi omwewo ndi amene adapulumutsa tsikulo. Patapita kanthawi Nambewe adabwera atakupatira nkhuku yoyera, imodzi mwa zija zinkamva mbiri yanga tsiku ndi tsiku. "Amayi akuti wolakwa sapita chimanjamanja," adatero. "Akuti kaya mwalakwa chiyani, kapepeseni, mukafunsenso."

Tidapita awiri ndi a Fabiano. Tidanjuta pabwalo la a Gogoda, n'kuomba m'manja monga tichitira pofika kwa akulu, mpaka adatuluka. A Fabiano adaika nkhuku pansi, adatulutsa pepala lija m'thumba n'kulitambasula. "Bwana, amene watiphunzitsa ndi uyu. Timayesa ndi ulemu wa kwanu."

A Gogoda adayang'ana pepalalo, adayang'ana ife, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo, chinthu chomwe sindidaonepo mzungu akuchita. Kenaka adatifotokozera, mawu akusowa ena akuwatola ndi manja. Kwawo adali ndi chigayo chosiyiridwa ndi bambo awo. Kudabwera boma latsopano la munthu mmodzi, ndipo poyamba ambiri adakondwa, chifukwa osowa ntchito adapeza ntchito yomanga misewu ndi ya m'mafakitale, wailesi idatsika mtengo n'kulowa m'nyumba za anthu wamba. Koma m'wailesimo munkamveka mawu a mbali imodzi yokha. Anthu a boma adayamba kuuza alimi chodzala ndi kogulitsa, ndi kuuza a zigayo kuchuluka kwa tirigu woti agaye. Mnansi wawo wa sitolo, Myuda amene ankagula ufa kwa iwo kuyambira kale, adamulembera pakhomo kuti munthu asagulenso kwa iye. Ana ankavala yunifolomu n'kumakanenera makolo awo. Ndipo moni uja sudali moni. Udali njira yodziwira amene wagonja ndi amene sanagonje.

"Ine sindidakweze dzanja," adatero. "Alimi adaopa kubwera kwa ine. Madzi alipo, miyala ilipo, chigayo chaima." A Fabiano adaloza mseu wa pachithunzi n'kufunsa ngati ulidi wokongola choncho. "Wokongola kwambiri," adayankha. "Galimoto yodzatenga munthu imafikanso msanga."

Ine ndidamva chisoni chachikulu, kuti munthu adathawa chinthu kuwoloka nyanja, ife n'kumukonzera chomwecho ngati mphatso. A Fabiano adavula chipewa n'kunena motsitsa mawu, "Safunsa adadya phula, bwana. Ife tadya ndi njuchi zomwe." Nthawi yomweyo nkhuku ija idamasula chingwe cha kumiyendo, idalumphira m'bokosi la zipangizo lija, limene lidali pakhonde, n'kusiyamo chizindikiro chake. A Gogoda adayamba kuseka. Adaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti misozi ina idali ya chiyani.

"Nanga zija munachita pofika pano," adafunsa akupukuta m'maso, "ndi chiyani?"

Tidawauza kuti umenewo ndiwo moni wathu. Tidawaonetsa kunjuta, kupinda zikhatho kuti zilire mofatsa, kuomba mosathamanga. Iwo ankaomba ngati akupha udzudzu, mawondo akulira, koma adalimbikira. "Uwu ndi wabwino," adatero. "Munthu amatsika pansi. Ndipo manja onse awiri ali pa ntchito, palibe logwira ndodo."

Uthenga udathamanga, amayi adabwerera ndi madengu awo. A Gogoda adafika pachigayo, adanjuta pamaso pa khamu lonse n'kuomba m'manja. Nthungululu zimene zidamveka pamenepo zidafika kuphiri. Tidakweza mwala ndi zingwe, iwo akuuyendetsa pachitsulo mpaka udalendewera osakhudza mbali iliyonse, kenaka adandiuza kuti nditsegule madzi ndine. Gudumu lidadandaula, lidatembenuka, miyala idayamba kung'ung'udza. Adandifotokozera za kutsina ufa ndi zala: ukatentha, kweza mwala pang'ono, ukakhala wamisere, utsitse, ndipo usalole miyala izungulire yopanda chimanga.

Adalamula kuti oyamba kugaya akhale eni nkhuku ija. Apongozi adathira mphale yawo, adatapa ufa woyamba, adaufikisa m'zala nthawi yaitali. Kenaka adauza dengu lawo mokweza kuti aliyense amve, "Iwe dengu, mkamwini wa pakhomo pathu ali pa ntchito. Za ku Halale ndani ankanena?"

Mwana wathu adabadwa ine ndili pakhomo. Nkhondo itayamba, boma la Angerezi lidabwera kudzatenga a Gogoda chifukwa chokhala Mjeremani, ngakhale adathawa chomwecho chimene Angereziwo ankamenyana nacho. Makiyi a chigayo adasiyira ine. Mudzi wonse udatsikira kumseu, ndipo galimoto itayamba kuyenda tidanjuta n'kuomba m'manja. Palibe ngakhale mwana amene adakweza dzanja. Iwo ali kumbuyo kwa galimotoyo adayankha, akuombabe ngati akupha udzudzu.

Chigayocho ndidachiyendetsa mpaka tsitsi lidayera lokha popanda ufa, ndipo aliyense amene ndidamuphunzitsa ntchito ndidamuuza zomwezi: chinthu chokongola pachithunzi usachitengere kwanu usanafunse amene adakhala nacho. Ndikatero ndinkamuonetsa chitseko cha madzi. Koma asanachigwire, ankayamba wanjuta n'kuomba m'manja.