Mutu Umene Sunkawawa

Mumsewu mwathu aliyense amawatchula kuti Atelala. Amasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ina, ndipo kolala yosoka iwo sipindika ngakhale ichapidwe chaka chathunthu. Anabadwa osamva. Kusukulu sanapiteko, choncho chinenero chawo cha manja n'chapakhomo, chimene anapanga ali ana ndi alongo awo aakulu, amene masiku ano amawotcherera zitsulo. Mayi awo atamwalira, munthu wowamva bwinobwino anatsala mmodzi yekha: alongo awowo.

"Mlongo wangayu ndi telala yekhayo amene sanakuuzenipo kuti bwerani mawa," ankatero bamboyo poseka ndi makasitomala.

Atelala anakwatiwa n'kutenga pakati. Pobereka anavutika nthawi yaitali, mwana n'kubadwa atafa kale. Kuyambira pamenepo mkodzo unkangotuluka wokha, osaletseka. Mwamuna anapirira pang'ono, kenako anasamuka. Atelala anadzisokera matewera a zidutswa za nsalu, anakankhira makina kumapeto kwa khonde kumene kumapita mphepo, ndipo anasiya kuyandikira anthu powayeza. Ankawapatsa tepi kuti adziyeze okha. Madzi ankamwa ongonyowetsa kukhosi.

Matenda amenewa amachizika ndi opaleshoni, ndipo khomo lake ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Pakhoma pake pali chithunzi chachikulu chonena za ufulu wa anthu olumala, koma womasulira chinenero cha manja palibe. Kachitidwe kake n'kakuti munthu wosamva abwere ndi wachibale. Amene anaganiza zimenezi sanadzifunse kuti wachibaleyo adzakhala ndani, ndiponso kuti pali zinthu zimene mkazi sanganene pamaso pa mlongo wake.

"Bambo, afunseni chikuwavuta n'chiyani," anatero namwino tsiku loyamba limene Atelala anapitako ndi alongo awo, maso ali pa bamboyo.

Atelala anayang'ana alongo awo, anayang'ana pansi, kenako anagwira pachipumi.

"Akuti mutu, asisitala."

Anawapatsa mapiritsi a mutu. Anabweranso, mutu. Anabweranso kachitatu, mutu womwewo.

"Mutu wanji wosatha? Mwina ndi phokoso la makina osokerawo," anatero namwino.

"Phokosolo alimva ndi chiyani, asisitala?" anafunsa bamboyo. Namwino anaseka yekha n'kuitana wodwala wina.

Zinaululika tsiku lina mzere utatalika. Atelala atadzuka pabenchi, pamene anakhala panali patanyowa, ndipo amayi oyandikana nawo anasendera kutali. Namwino wina wachikulire anaona, anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'chipinda.

"Inu bambo, dikirani kaye panja."

Amayi awiriwo anayesetsa okha. Namwino anafuna kudziwa pamene vutolo linayambira, mmene kubereka kunayendera, ndiponso ngati chimbudzi nachonso chimatuluka chokha. Analozera, anajambula papepala, koma sanamvane. Pamapeto pake anatsekula chitseko.

"Bambo, mutikhululukire. Tilibe wina."

Bamboyo atamva funso loyamba, anavula chipewa n'kutembenukira kukhoma, monga achitira munthu waulemu. Koma chinenero cha manja sichimveka munthu atafulatira. Anayenera kutembenuka ndi kuyang'ana. Zizindikiro zawo anazipanga ali ana, zonena za njala, mvula, mpira ndi ukali wa bambo awo. Cha matenda awa panalibe. Atelala analoza pathupi pawo penipeni, misozi ikutsika, ndipo alongo awo anatchula mawuwo limodzilimodzi, motsitsa, mpaka namwino anachita kuwerama kuti amve.

"Akuti chichokere pobereka paja. Akuti sagona pamatiresi. Akuti... asisitala, zimenezo lembani, mwaziona nokha."

"Nenani, bambo. Ndikalemba zongoganiza, kuchipatala chachikulu akawabweza."

Ananena.

Atelala anatumizidwa kuchipatala chachikulu, anachitidwa opaleshoni, ndipo anachira. Pamsonkhano wina wa zaumoyo nkhani yawo inatchulidwa monga chitsanzo cha ntchito yoyenda bwino, anthu n'kuwomba m'manja. Palibe anatchula zimene zinachitika m'chipinda muja, ndipo mpaka lero womasulira sanalembedwe ntchito.

Alongo awo amabwerabe kudzawakonzera makina akavuta. Amakambirana za lamba, za mafuta, za singano yothyoka. Nkhani ikatha pamenepo, bamboyo amatola zida zake msanga, ndipo Atelala amawerama n'kuyamba kusoka, osadikira kuti atsanzikane.