Esnati Sanagwadire Apongozi

Lachitatu ndinakadya nkhomaliro pa loji ina pa Boma ku Ntcheu, koma chakudyacho sichinatsike bwino.

Ndinapitira Esnati, mwana wa mchimwene wanga. Iyeyu akuphunzira zoyendetsa mahotela ku Blantyre, ndipo sukulu inamutumiza kuno kwawo kuti adzazolowere ntchito. Tsikulo linali loyesedwa. Manijala wa lojiyo, mayi Phiri, akakhutira naye, Esnati abwerera kusukulu kukamaliza chaka chotsala, ndipo mpando wa wachiwiri kwa manijala uzimudikira. Akapanda kukhutira, zonse zathera pomwepo. Ine monga azakhali ndinati ndikakhale pakona, ndizimulimbitsa mtima ndi maso.

Mipopi inali itauma, monga mukudziwa za kwathu kuno, choncho alendo amawasambitsa m'manja ndi jagi ndi beseni. Esnati amayenda tebulo ndi tebulo, siketi yakuda, bulauzi yoyera, msana uli njo. Mayi Phiri anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja, osaphethira.

Kenaka munalowa alimi a mbatatesi ndi kabichi ochokera ku Biriwiri, omwe anali ndi msonkhano m'holo ya pamalopo. Nditaona chipewa cha amene anatsogola, mtima wanga unangoti myuu. Anali a Ngozo, bambo a mwamuna wa Esnati. Apongozi ake enieni.

Inu a ku Ntcheu sindikuuzani zachilendo. Mtengwa saima pamaso pa apongozi aamuna. Amagwadira patali, maso pansi, mawu otsitsa. Ndiye a Ngozo si munthu wamasewera. Adatha unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, ndipo amakonda kunena kuti adaweramira mabwana mokwanira, tsopano ndi nthawi yoti aziwagwadira iwo. Koma pa lojiyo lamulo loyamba ndi lakuti wantchito sagwadira mlendo aliyense, kaya ndi nduna.

Esnati anafika pa tebulo lawo, nkuweramitsa mutu pang'ono.

"Takulandirani bambo. Tikusambitseni m'manja."

A Ngozo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu. Atatero anatsitsa manja awo pang'onopang'ono mpaka kumunsi kwa mawondo, pomwe munthu sangathirepo madzi ali chiimire.

"Mayi," anatero kwa Esnati, "madziwo afika bwanji kunoko?"

Esnati anayang'ana mayi Phiri, iwo osasuntha n'komwe. Anayang'ana ine, koma maso anga olimbitsa mtimawo analibe chomuuza. Ndinachita mantha, sindinama.

"Bambo, pepani, kuno ndili pa ntchito. Takwezani manjawo pang'ono."

"Ndikweze ine?"

A Ngozo anaseka kuseka kouma, nkudzuka, nkutenga chipewa.

"Anzanga, idyani inu. Ine ndakhuta ulemu. Mayi, tikaonana kumudzi."

Anatuluka. Esnati anapita kwa mlimi wotsatira, nkumusambitsa. Anamaliza matebulo onse osagwetsa msozi.

Masiku ano pa wailesi sipasowa zolengeza za maphunziro a mahotela. Ife makolo tikamva timati eya, ana apite, ntchito zilipo, malo ogona alendo akumangidwa mumsewu wonsewu. Kumeneko amawaphunzitsa kuyala tebulo, kusunga malo a alendo pa kompyuta, kuyang'anira khitchini, kumwetulira munthu wolalata. Zonsezo n'zabwino. Koma ndani amawaphunzitsa chochita mlendoyo akakhala apongozi?

Mumzinda mlendo ndi munthu wosamudziwa. Adya, alipira, wapita. Kuno pa Boma mlendo ndi amalume, ndi akulu ampingo, ndi aphunzitsi amene adakukwapula uli sitandade fayifi. Mwana wathu akavala yunifolomu sasiya kukhala mtengwa wa kwa Ngozo. Nanga ubale auvule pakhomo ngati nsapato zamatope?

Anthu atachepa ndinawatsata mayi Phiri, mutu utatentha. Iwowa kwawo ndi ku Nzama, mwambowu amaudziwa bwino, ndipo anaona zonse. Akanatha kutuma weita wina pa tebulo lija.

"Azakhali, khalani pansi kaye," anatero. "Ndikamulola agwadire mmodzi, mawa aliyense wa thumba lonenepa afuna kugwadiridwa. Komanso anyamata anga operekera zakudyawa akamuona ali chogwada lero, mawa akawalamula amumvera? Ine ndikuumba manijala. Mayeso ake anali omwe aja."

Ndinafuna kuwayankha mwaukali, koma zimene ananenazo zili ndi mutu. Komanso a Ngozo si amisala. Munthu wamkulu, anzake a kalabu ya alimi akuonerera, mtengwa wake ali chiimire ngati polisi wapamsewu. Nkhaniyo inafika ku Biriwiri iwo asanatsike pa kabaza.

Amene andikwiyitsa kwambiri ndi ifeyo. Timafuna mtsikana akhale bwana, azibweretsa shuga ndi feteleza pakhomo, tizinyadira kutchalitchi kuti wathu ndi manijala. Koma bwanayo timafunanso azigwada paliponse pomwe takumana naye, ngakhale pa ntchito pake. Palibe amene adakhala pansi, kaya kusukuluko, kaya kumudzi, nkugwirizana kuti ulemu wa pakhomo umathera pati ndipo wa pa ntchito umayambira pati. Mlanduwo tausiyira mwana woti wanyamula jagi, auweruze yekha anthu akuyang'ana.

Esnati anakhoza. Mayi Phiri anamugwira chanza pamaso pa antchito onse.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Tisanatuluke pageti mwamuna wa Esnati anaimba foni. Ankhoswe aitanidwa Loweruka. A Ngozo anenetsa kuti mtengwa wawo sabwereranso ku sukulu yophunzitsa mwano, ndipo mwamunayo anangoti, "Ukapepese basi, mwina afewa."

Esnati anaika foni m'chikwama. Apa ndiye misozi inatsika.

"Azakhali, Loweruka kugwada ndikagwada, kumeneko ndi kumudzi. Koma akandifunsa, ndikanene kuti ndinalakwa chiyani?"

Mpaka pano sindinamuyankhe. Inu amene mukufuna mwana wanu adzakhale manijala, mukanamuuza akanene chiyani?