A Luckson ankadina leta

Amuna anga, a Luckson, ankagwira ntchito pa malire a Mwanza. Ankalemba mapepala a katundu kuti mathiraki awoloke kupita ku Zobue. Sanali munthu wa mkwiyo. Madalaivala akawatukwana, iwo ankangoseka. Chinthu chimodzi chokha chinkawawiritsa mtima: apudeti, kuja foni kapena kompyuta imafuna kusintha za m'kati mwake mwiniwe usanapemphe.

Zinayamba tisanakwatirane. Foni yawo yoyamba inawapempha apudeti, iwo n'kuvomera. Inazima osayakanso. M'menemo munali zithunzi zitatu za malemu mayi awo a kwa Kanduku, ndipo kwina kulikonse kunalibe. "Amayi ndinawaika m'manda kawiri," ankatero.

Kenako laputopu yawo. Tsiku lina ali pakati polemba mapepala a thiraki ya feteleza, inangoyamba yokha. Kabwalo kanazungulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Dalaivala anasuzumira pawindo. "Achimwene, kodi kompyutayo ikuphika nyemba?"

Sabata yomweyo anawoloka kupita ku Zobue. Mnzawo wa kumeneko anachotsamo zonse n'kuikamo pulogalamu ina yaulere, yosakakamiza munthu. Anabwera akuyenda ngati awina mpira. Atayatsa, zonse zinali m'Chipwitikizi. Kubwerera anachita manyazi, ndiye anangolowezera pomwe ankadina. Liwu lomwe analigwira bwino linali limodzi, guardar, kutanthauza kusunga. Linalowa mpaka m'nyumba. "Mayi a Tiya, ndiwo zatsalazo, guardar."

Iwo anagula kafoni ka mabatani, foni yawo yaikulu n'kundipatsa ine. Koma anandikhazika pansi. "Ikakufunsani za apudeti, pamabwera mawu awiri. Inu muzidina leta, kutanthauza kuti nthawi ina. Leta basi, tsiku ndi tsiku." Pa malire paja anzawo anafika powatcha a Leta.

Anamwalira mu Juni chaka chatha. Anakwera njinga yamoto ya kabaza kuchokera pa malire, thiraki n'kuwapeza pakona. M'mawa wake anali atajambula mawu n'kunditumizira kuchokera pa foni ya mnzawo: "Mayi a Tiya, mwanayo mumuveke juzi, kunja kwazizira. Ndibwera ndi manachesi."

Mufoni yaikulu ija munatsala mawu awo ambiri. Ena akundiseka, ena akuimbira mwana wathu Tiyamike. Tiya ali ndi zaka zitatu. Phala salandira mpaka adadi ake aimbe kaye. Nkhope yawo wayamba kuiwala, ndaona momwe amayang'anira chithunzi, koma mawu amawadziwa.

M'mawa uliwonse foni inkafunsa, ine n'kudina leta. Ndinkamva ngati aima kumbuyo kwanga akuyang'ana chala changa. Kenako inayamba kufunsa katatu pa tsiku. Mawu a leta aja anachepa, enawo n'kukula. Ndinkaiika pamwamba pa kabati. Wina akati aione, ndinkati ilibe moto.

Lachiwiri lina ndinali kuchapa panja. M'nyumba munangoti zii. Ana akati zii mumadziwa. Ndinamupeza Tiya ataima pampando, foni ili m'manja. "Adadi sakuimba," anatero. Galasi linali lakuda, kamzere koyera kakukwawa pang'onopang'ono. Sindinamumenye. Ndinakhala pansi ndi thovu m'manja, kumayang'ana. Kamzere kanafika pakati n'kuima.

Ndinamubereka mwana mpaka kumsika wa pa boma, kwa a Lukman okonza mafoni. Anayesa chingwe ichi, chingwe icho.

"Achemwali, kuti iyake ndiyenera kufufuta zonse."

"Musafufute."

"Ndiye siyaka."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana. "Inu si akazi awo a Leta? Nanga laputopu yawo ya Chipwitikizi ija anatenga ndani?"

Palibe anatenga. Pogawa katundu wa malemu, alamu anga anaiyatsa, n'kuona mawu osawerengeka, n'kuibweza m'sutikesi. Ndinathamanga kukaitenga.

Inayaka osafunsa chilichonse. Panatseguka pepala la thiraki lomwe a Luckson anasiya asanamalize, kamzere kakuphethira pomwe chala chawo chinalekera. Pakona panali kafoda kolembedwa kuti Guardar Tiya.

Kani Lamlungu lililonse, pomwe amuna anga ankabwereka foni yanga n'kumati akuona za mpira, ankakopera zonse. Nyimbo zinalimo. Kuseka kwawo kunalimo. A Lukman anaziika pa memori khadi n'kulowetsa m'kafoni ka mabatani ka malemu. "Aka sikadzakufunsani kanthu," anatero. Tiya anamva nyimbo, n'kuyamba kugwedeza mutu kumsana kwanga.

Ndinafufuza m'kafoda kaja mpaka pansi. Anamwalira Lachinayi. Mawu a juzi ndi manachesi aja sanafike pa Lamlungu.

Foni yaikulu sindinalole kuti aifufute. Ili m'sutikesi, yakuda, nditaikulunga m'malaya awo. Mawu otsiriza aja ndimawanena ndekha ndikamatsuka mbale, kuti asandithawe. Koma dzulo ndinaima pakati. Sindikudziwanso ngati anati kunja kwazizira, kapena kukuzizira. Ndinayesa kawiri, katatu, ndipo onse awiri anamveka m'mawu anga.