Azimayi a ku Chunga pa Maliro a Esinati

Ndinadzuka kusanache, ine make Esinati, tsiku loika mwana wanga. Mipando yonse tinali titatulutsa panja. Azimayi a chigwirizano anali gonegone pa mphasa, mawu atasasa ndi nyimbo, ndipo azibambo mu tenti ankasonkheza chitsa. Mdzukulu wanga Thoko, mwana wa Esinati, wa giredi folo, anagona atagwira chitenge changa.

Esinati wanga anali dokotala wa ana, ee, dokotala wobadwa m'mimba muno! Koma sankangolemba mankhwala ayi. Ankabaya makanda pachidendene, kadontho kamodzi ka magazi papepala, n'kukapima ngati mwana ali ndi matenda aja opinda magazi, a sikoselo. Mapepala ena ankakwera ndege kupita kwa anzake akunja, iwo kuyankha, iye kulemba, kulemba, mpaka maso psuu. Ine za mabuku sindizidziwa. Chimene ndinkadziwa ndi zonena anthu: akuti mwana wa amayi aja a ku Chelstone amagulitsa magazi a makanda kwa azungu, akuti ndi wa satana. Tsiku lina ku Soweto, ndikusankha tomato, mayi wina wa mpata m'mano anandiloza msika wonse ukuona.

"Ndimwe munabala uja akumwa magazi ya bana batu!"

Tomato ndinamusiya pomwepo. Esinati sindinamuuze. Thoko sanamvepo mawu amenewo.

Ndiye dzulo lake la kuika, mlamu wanga anandinong'oneza kuti azimayi a ku Chunga adzaza basi yonse, akubwera. Ku Chunga, kumene anagenda galimoto ya Esinati chaka chija! Mayo ine. M'maganizo ndinaona miyala ikugwera pa bokosi. Ndinaona Thoko akumva dzina limene anthu anapatsa amake.

Dzuwa linatuluka lolusa, la mu Okutobala. Kuseri kwa nyumba moto unayaka, nyemba m'mapoto aakulu, kabichi mulu. Kenako magalimoto anayamba kuima pa geti. Anatsika mzungu wamkazi wa imvi atamanga chitenge chokhota, bambo wamtali wa ku Kenya, mmwenye wa magalasi, ndi awiri a ku Blantyre. Onse akuti tinkagwira naye ntchito. Azimayi aja akawaona amenewa, adzati si awo ogula magazi abwera kudzalira katundu wawo? Ndinawagwira manja, n'kuwauza kuti kwathu alendo olemekezeka amakhala kuseri, pa moto. Bodza pa maliro a mwana wanga, Ambuye andikhululukire. Mzungu uja anapempha mpeni n'kuyamba kudula kabichi. Wa ku Kenya utsi unamuliza, kapena sunali utsi.

Basi inafika. Tonse tidziwa kuti mkazi akafika pa maliro amayambira kulira pa geti, kuti a m'nyumba amulandire ndi kulira. Awa sanalire. Anatsika phee, mmodzimmodzi, ana m'manja, ana kumsana, n'kukaima kutsidya kwa msewu. Aliyense anali atamanga kanthu m'chitenge pachiuno. Patsogolo pawo, mpata m'mano uja.

Ku tchalitchi ku Kabwata anakhala kumbuyo, chete. Abusa analalikira, ine osamvapo kanthu. Poona nkhope ndinaima pafupi ndi bokosi, wokonzeka kugonapo ndi thupi langali. Iwo sanadzuke. Tinadutsa Woodlands pang'onopang'ono, magalimoto atayatsa nyali masana, ine khosi cheu cheu. Basi inali pambuyo. Tinakhotera ku Leopards Hill, inakhota.

Ku manda fumbi lofiira linatikuta. Anatsitsa mwana wanga, anakwirira, tinaimba. Kenako woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Mayi wobala. Mwana. Abale. A mpingo. Ndipo anati, amene ankagwira naye ntchito, a kuno ndi a kunja. Alendo anga obisika aja anatuluka onse poyera, mzungu patsogolo, akununkha utsi.



Mayi wa mpata uja anayenda osaitanidwa, akumasula mfundo ya chitenge. Ndinakokera Thoko pamimba panga n'kumutseka makutu ndi manja onse awiri. Nyimbo yonse inandithawa pakamwa, ine amene ndimayambitsa nyimbo ku chigwirizano.

Anatulutsa khadi la ku chipatala, lothaitha m'mbali.

"Mwana wanga woyamba ninakana kuti bamulase," anatero. "Ninamubisa kwa ba neba. Tinamushika ku manda ku Chingwele. Uyu wachibili, ba dokota banabwela beka pa nyumba. Ninabatukana, beve banankala chabe pa ndowa mpaka ninavomela. Muoneni. Ali mu giledi thu."

Anakankhira kutsogolo kamtsikana ka masaya, ka yunifolomu yochapa. Kumbuyo mfundo zinamasuka, mfundo zinamasuka, makhadi m'mwamba, makhadi okhaokha, mwala ngakhale umodzi panalibe! Mzungu uja analandira khadi limodzi, anaona kalembedwe ka Esinati, n'kugwada mu fumbi. Wa ku Kenya anati chifukwa cha madontho a ana awa, kwawonso tsopano amapima makanda. Ndinachotsa manja m'makutu a Thoko.

"Mvera, mwana wanga. Mvera zonse."

Mayi uja anadzagwada pa mapazi anga.

"Amai, mwanikumbuka?"

"Ndakukumbuka. Unandisiyitsa tomato wabwino."

"Tenze kuyopa kulila pa geti. Tenze kuganiza kuti muzatipitikisa."

Iwo kuopa ine, ine kuopa iwo, tsiku lonse lathunthu! Ndinati lirani tsopano, ana inu. Analira, manda onse anagwedezeka. Ndipo ine, nkhalamba yopanda manyazi, ndinaimba nthungululu pa manda a mwana wanga. Abusa anandiyang'ana. Ndinaimbanso kachiwiri.

Pobwerera tinasamba m'manja pa geti, ndipo a ku Chunga ndinawalowetsa ndekha. Anadya kabichi wodula mzungu, akuseka kuti wadula zikuluzikulu ngati za ng'ombe.

Madzulo basi inapita, magalimoto anapita. Chitsa chinatsala phulusa. M'nyumba mopanda mipando tinatsala awiri pa mphasa, nsapato za Esinati zili pakhomo pomwe anazisiya. Mantha atachoka, m'pamene chisoni chinapeza malo okhala.

"Ambuya," anatero Thoko, "na ine bananilasa?"

"Iwe ndiwe unali woyamba."

Anaika phazi pamiyendo panga. Tinafunafuna pachidendene, ine ndi maso anga okalambawa, iye atapinda khosi. Chipsera panalibe. Esinati wanga anali ndi dzanja lopepuka.